Mmene mungatetezere galu wanu kunja kukatentha

Munthu akatenthedwa amatuluka thukuta thupi lonse, kamphepo kakangowomba n'kuyamba kupeza bwino. Galu alibe mwayi umenewo. Thukuta loziziritsa thupi limatuluka kunsi kwa mapazi ake kokha, ndipo n'lochepa moti silingamupulumutse. Chimene amadalira ndi kuwefuka: amatulutsa lilime n'kumakoka mpweya mofulumira kuti chinyezi cha pa lilime, cha m'kamwa ndi cha m'mphuno chiziuma n'kumachotsa kutentha m'magazi. Galu wongogona amapuma kosapitirira ka 30 pa mphindi imodzi, koma akatenthedwa kwambiri amatha kufika ka 300. Kupuma kotereku kumatha madzi m'thupi, ndipo kumathandiza bwino mpweya ukakhala wouma. Kukakhala kutentha kwa chinyezi, monga mmene kumachitira mvula ikafuna kugwa, malovu sauma msanga, galu n'kumangowefuka popanda chimene akupindula.

Thupi la galu wabwinobwino limatentha madigiri a pakati pa 38 ndi 39.2. Likapitirira 41, ubongo, impso, chiwindi ndi matumbo zimayamba kuwonongeka. Pakati pa galu wamoyo bwino ndi galu amene ali pangozi pali madigiri awiri okha, ndipo galu amene akuthamanga padzuwa amawakwera m'mphindi zowerengeka.

Yambani ndi kumudziwa galu amene muli naye

Agalu sapirira kutentha mofanana. Amene amavutika kwambiri ndi a mphuno zophwatalala, monga Bulldog, French Bulldog, Pug, Boxer, Pekingese ndi Shih Tzu. Njira yawo ya mpweya ndi yaifupi komanso yothinana, choncho malo oti chinyezi chiume ndi ochepa, ndipo akamalimbana kuti apume kukhosi kumatupa n'kuthinirathinira. Enanso ndi a ubweya wambiri monga Chow Chow ndi Husky, komanso agalu akuluakulu olemera kupitirira makilogalamu 50. Galu wonenepa, wokalamba, kamwana ka galu, wapakati, wodwala mtima kapena wovutika kupuma, onsewa ndi ofunika kuwayang'anira mwapadera. Galu wakuda naye amatentha msanga padzuwa kuposa wa ubweya wowala.

Palinso nkhani ya kuzolowera. Thupi la galu limafuna masabata angapo kuti lizolowere nyengo yotentha, n'chifukwa chake masiku oyamba otentha pambuyo pa nyengo yozizira amakhala oopsa kuposa otentha kwambiri a pakati pa chilimwe. Chimodzimodzi galu amene mwangosamuka naye kuchokera kudera lozizira, kapena amene amakhala m'nyumba nthawi zonse. Galu wamba wa ubweya waufupi, wowonda, wobadwira kumalo otentha, amalimba kuposa anzake onsewa. Koma kulimba kumeneku kumagwira ntchito akakhala womasuka kudzifunira mthunzi ndi madzi. Mukamumanga pamtetete, nayenso amagwa.

Sinthani nthawi yoyenda ndi yosewera

Apa m'pamene pagona nkhani yaikulu, ndipo ndikhalitsapo. Anthu ambiri akamva za galu wofa ndi kutentha amaganiza za galu wotsekeredwa m'galimoto. Mu 2020 akatswiri a ku Royal Veterinary College ku London, pamodzi ndi anzawo a ku Nottingham Trent University, anafufuza m'mabuku a zipatala za ziweto okhudza agalu oposa 900,000 a ku Britain. Pa agalu 100 aliwonse amene anadwala ndi kutentha, pafupifupi 74 anadwala chifukwa chowayendetsa kapena kuwathamangitsa, 13 chifukwa chongokhala pamalo otentha, ndipo a m'galimoto anali 5 okha. Ambiri mwa oyamba aja sanali pa mpikisano ayi, ankangoyenda ndi eni ake monga mwa masiku onse. Dziwaninso kuti Britain si dziko lotentha. Ngati kuyenda chabe kumagwetsa agalu kumeneko, nanga kumene dzuwa limaswa mtengo?

Chimene chimapusitsa anthu n'chakuti galu sakana. Mukatenga chingwe amadumphadumpha, mukaponya mpira amauthamangira ka 20 ngakhale lilime lili lendewera. Kukondwa kwake kumaphimba kutopa, ndipo galu wokonda mbuye wake amapitiriza mpaka miyendo itagwa yokha. Amene ayenera kunena kuti basi zakwana ndinu, ndipo muyenera kunena iye asanaoneke kuti watheratu.

Choncho m'nyengo yotentha tulukani naye m'bandakucha dzuwa lisanatuluke bwino, kapena usiku nthaka itazizira. M'mawa m'pabwino kuposa madzulo chifukwa nthaka ndi makoma zimakhala zataya kutentha usiku wonse, pamene madzulo zimakhala zikutulutsabe kutentha kumene zasunga masana. Fupikitsani ulendo, yendani pang'onopang'ono, sankhani njira ya mitengo, ndipo tengani botolo la madzi ndi kambale. Musamuthamangitse pambali pa njinga kukatentha. Inu pa njinga mukumva kamphepo ndipo simukutopa kwenikweni, pamene iye akugwira ntchito ndi thupi lonse, pafupi ndi nthaka yotentha. Tsiku limene kwatentha mopitirira muyeso, ulendo ulekeni ndithu. Palibe galu amene anafapo chifukwa chophonya ulendo umodzi. Ngati akuvuta chifukwa chosowa chochita, mubisireni tizakudya m'nyumba kapena pamthunzi kuti azifufuza ndi mphuno, kapena muphunzitseni kukhala pansi ndi kudikira. Kununkhiza kumatopetsa mutu wa galu popanda kutenthetsa thupi.

Muli panjira, muziyang'ana lilime lake. Likayamba kutalika kwambiri, kukula kumapeto n'kupindikira m'mwamba, galu akumatsalira m'mbuyo kapena kukokera kumthunzi uliwonse umene mwadutsa, imani pomwepo. Mupatseni madzi pang'ono, mumunyowetse pamimba, ndipo musanyamuke mpaka kupuma kutabwerera m'malo mwake. Ngati galu wanu amavala chotsekera pakamwa, chikhale chamtundu wa kadengu chimene chimamulola kuyasamula ndi kutulutsa lilime. Cha nsalu chomanga kamwa n'choopsa kukatentha chifukwa chimatseka njira yokhayo imene amaziziritsira thupi. Kwa agalu a mphuno zophwatalala, lamba wa pachifuwa ndi wabwino kuposa wa m'khosi, amene amafinya kholingo galu akamakoka.

Yesani pansi musanamupondetse

Ife timavala nsapato ndiye timaiwala. Mpweya ukakhala pa madigiri 25, msewu wa tala umene wakhala padzuwa umatha kufika pa 52, ndipo kunja kukafika 31 msewuwo umapitirira 60. Pamenepo khungu limapsa pasanathe mphindi imodzi. Mchenga, simenti, miyala yoyala pabwalo ndi chitsulo cha kumbuyo kwa galimoto ya bokosi, zonsezi zimawotcha chimodzimodzi.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Gunditsani kuseri kwa dzanja lanu pansipo n'kuwerenga mpaka 7. Mukalephera kupirira, galu asapondepo. Galu amene wapsa mapazi amatsimphina, amakana kuyenda, amanyambita mapazi osalekeza, ndipo mukayang'ana kunsi mumapeza pafiira, pali matuza kapena khungu lasupuka. Viikani mapaziwo m'madzi ozizira kwa mphindi zingapo, musaboole matuza, ndipo ngati khungu lachoka pitani naye kwa dokotala wa ziweto chifukwa bala la kuphazi limalowa dothi msanga.

Madzi asamathe

Pa tsiku wamba galu amafuna madzi okwana mamililita 50 mpaka 60 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake. Galu wa makilogalamu 20 amamwa lita imodzi ndi pang'ono, ndipo kukatentha amatha kumwa kuwirikiza kawiri. Woyamwitsa amafuna ochuluka kuposa apo.

Mbale imodzi siyokwana. Ikani ziwiri kapena zitatu m'malo osiyana, zonse pamthunzi, kuti imodzi ikagudubuka ina ikhalepo. Sankhani mbale yolemera kapena yotambalala pansi, ndipo ngati galu wanu ndi uja woponda m'mbale, kumbani kadzenje mulowetsemo ndowa mpaka theka. Mbale yachitsulo ikakhala padzuwa madzi amafunda msanga ndipo galu amawakana. Sinthani madzi m'mawa ndi masana, mutsuke mbaleyo tsiku lililonse kuti isachite ndere. Kuponyamo madzi oundana a mufiriji sikulakwa. Pali mphekesera yakuti madzi oundana amapha agalu, koma galu wabwinobwino amene akunyambita kapena kumwa madzi ozizira sakhala pangozi iliyonse. Chofunika kupewa ndi kulola galu amene wangobwera kothamanga kuti agugude mbale yonse nthawi imodzi. Mupatseni pang'ono, adikire, mumupatsenso.

Kuti mudziwe ngati madzi achepa m'thupi mwake, tukulani mlomo wake mukhudze usinini ndi chala. Uyenera kukhala wonyowa ndi woterera. Ukakhala wouma ndi womata, madzi achepa. Mukhozanso kutsina khungu la pakati pa mapewa n'kulisiya: likabwerera nthawi yomweyo zili bwino, likamachedwa kapena kuima chiimire, galuyo akufunika thandizo. Mkodzo wochepa ndi wachikasu kwambiri ukunenanso zomwezo.

Kusambira kumathandiza agalu amene amakonda madzi, ngakhale beseni lalikulu lokhala ndi madzi ofika m'mawondo mwake limakwana. Koma musamulole kulowa kapena kumwa m'madzi osayenda amene achita ndere zobiriwira ngati penti pamwamba. Ndere zina zotere zimakhala ndi poizoni wowononga chiwindi ndi mitsempha, ndipo zimachuluka nyengo yotentha yomweyi. Madzi amchere a m'nyanja zikuluzikulu nawo amatsegula m'mimba n'kuwonjezera ludzu. Si galu aliyense amadziwa kusambira, ndipo a mphuno zophwatalala ndi a miyendo yaifupi amamira mosavuta.

Onani kumene amagona masana

Tsiku lina mukakhala pakhomo, tsatirani mthunzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Malo amene ali ndi mthunzi wabwino 8 koloko m'mawa mukamachoka amatha kukhala pamtetete 1 koloko masana. Agalu ambiri omangidwa amavutika motero, mwini wake ali kuntchito akuganiza kuti anamusiya pabwino. Unyolo uli ndi vuto linanso: galu amazungulira mtengo kapena chipilala mpaka unyolo kufupika, mbale ya madzi n'kutsala patali pang'ono chabe ndi mphuno yake. Ngati n'kotheka musamumange konse masana otentha, mumusiye mumpanda momwe angasankhe yekha pogona. Ngati palibe kuchitira mwina, onetsetsani kuti paliponse pamene unyolo ukufika palibe chokola, ndipo mthunzi ndi madzi zili pafupi ndi pamene unyolowo wamangidwa, osati kumapeto kwake.

Khola laling'ono lofolera ndi malata, lotseka mbali zitatu, masana limasanduka uvuni. Kukhala ndi denga sikutanthauza kuti mkati muli mozizira. Lowetsanimo dzanja masana mumve nokha. Khola labwino limakhala ndi mipata yodutsa mphepo mbali ziwiri zoyang'anana, denga lotalikirapo, ndipo limaima pansi pa mtengo kapena kuseri kwa khoma. Pamwamba pa malata mukhoza kuyalapo udzu, matabwa kapena chinsalu cha mthunzi, n'kusiya mpata pakati. Mthunzi wa mtengo ndi umene umaposa yonse chifukwa mphepo imadutsa ndipo nthaka ya pansi pake imakhala yozizira.

Mukaona galu akukumba dzenje pamthunzi n'kugonamo, musamukalipire. Akufuna dothi lozizira la pansi kuti agunditsepo mimba, pamene pali ubweya wochepa. Bwino mumusankhire malo amodzi amene simudandaula nawo, muzithirapo madzi m'mawa. Wa m'nyumba naye mudzamuona akusiya kabedi kake n'kukagona pa simenti kapena pa matailosi. Musiyeni, tsekani makatani mbali imene dzuwa likulowera, tsegulani mawindo kumene kuli mthunzi. Fani payokha sithandiza galu monga imathandizira munthu, popeza khungu lake ndi louma, koma mukamunyowetsa kaye pamimba ndi m'miyendo ndiye kumuyatsira fani, imagwira ntchito kwambiri.

Chakudya mumupatse m'mawa kwambiri ndi madzulo. Agalu ambiri amadya pang'ono kukatentha ndipo si matenda. Chimene chatsala m'mbale chotsani, chifukwa chimasasa msanga n'kuitana ntchentche. Ntchentche zoluma zimakonda nsonga za makutu, zimasiya zilonda zosapola, ndipo bala lililonse losasamalidwa limatha kuchita mphutsi m'masiku ochepa. Nkhupakupa ndi utitiri nazo zimachuluka kukafunda, choncho mankhwala ake asadumphe nthawi.

M'galimoto ayi

Ngakhale agalu ovulala m'galimoto ali ochepa poyerekeza ndi ovulala poyenda, ngozi yake imabwera mwaliwiro ndipo galu alibe kothawira. Pa kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2005, madokotala a ku Stanford University ku America anayeza kutentha kwa m'galimoto yoimikidwa padzuwa. Kunja kuli madigiri 22 okha, mkati munafika 47 m'ola limodzi lokha, ndipo gawo lalikulu la kukweraku linachitika m'mphindi 30 zoyambirira. Kutsitsa magalasi pang'ono sikunasinthe kanthu kooneka. Mawu akuti ndingolowa n'kutuluka ndi amene amapha, chifukwa mzere umatalika, mumakumana ndi mnzanu, ndipo mthunzi umene munaimikapo umasuntha. Ngati kumene mukupita galu salowa, atsale kunyumba.

Pa ulendo wautali, nyamukani m'mawa, muziima pafupipafupi kuti amwe, ndipo kumbukirani kuti kumbuyo kwenikweni kwa galimoto kumatentha kuposa kumene mwakhala inu, makamaka dzuwa likamalowera pagalasi lakumbuyo.

Za ubweya

Anthu ambiri amaganiza kuti kumeta galu mpala n'kumuchitira chifundo. Kwa agalu a ubweya wa magawo awiri, monga Husky ndi German Shepherd, ubweya wakunja umatchinga dzuwa kuti lisafike pakhungu, ndipo ukametedwa khungu limapsa, nthawi zina ubweyawo osameranso bwino. Chimene chimasunga kutentha ndi ubweya wofewa wa mkati umene wathothoka koma wakakamira. Umenewo ndiwo muzichotsa ndi burashi kangapo pa sabata kuti mphepo izifika pakhungu. Agalu a ubweya womangokula osathothoka, monga Poodle, mukhoza kuwadula ndithu, bola musiye wokwanira kuphimba khungu.

Agalu oyera ndi a khungu lofiirira amapsa ndi dzuwa pamphuno, m'makutu ndi pamimba, ndipo kupsa kobwerezabwereza kumatha kuyambitsa khansa ya pakhungu. Mankhwala ake enieni ndi mthunzi. Mafuta oteteza kudzuwa a anthu musamudzoze mwachisawawa, chifukwa ambiri ali ndi zinc oxide, imene imadwalitsa galu akainyambita.

Zizindikiro zoti zinthu zavuta

Poyamba galu amawefuka mwamphamvu osaleka ngakhale wagona pamthunzi. Amasowa mtendere, amadzuka n'kugonanso, dovu limatuluka lambiri, lolemera ndi lonanda. Usinini ndi lilime zimafiira kwambiri. Apa mukachitapo kanthu msanga, agalu ambiri amachira bwinobwino.

Zikapitirira amayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba, nthawi zina za magazi. Amadzandira, maso amangoti tong'o, mukamuitana sakuyankhani. Kupuma kumamveka phokoso kukhosi. Pomaliza amagwa, amaphupha ngati wakhunyu kapena kukomoka, usinini n'kutuwa kapena kuda. Pa agalu amene akatswiri a ku London aja anawapeza atadwala ndi kutentha mu 2016, mmodzi mwa 7 aliwonse anafa, ndipo imfa zimachuluka kwambiri mwa amene afika pogwa ndi kukomoka. Musadikire kuti muone zizindikiro zonse. Kuwefuka kosaleka pamodzi ndi kudzandira kapena kusanza n'kokwanira.

Zoyenera kuchita nthawi yomweyo

Choyamba, muchotseni padzuwa. Ngati ndi wonyamulika munyamuleni, asayendenso. Mugonekeni pamthunzi podutsa mphepo, mumuvule lamba ndi chilichonse cha pakamwa.

Chachiwiri, madzi, ndipo madziwo ayambe musanaganize zothamangira kuchipatala. Apa m'pamene anthu ambiri amalakwitsa chifukwa cha mantha: amamunyamula ali wotentha choncho, n'kumuika m'galimoto yotentha, n'kuyenda naye theka la ola. Nthawi yonseyo ziwalo zikupsa. Chimene chimawononga thupi ndi kutalika kwa nthawi imene lakhala lotentha, choncho malangizo a madokotala a ziweto masiku ano ndi akuti ziziritsani kaye, ulendo pambuyo.

Mwina munamvapo kuti madzi ozizira ndi oopsa, agwiritsidwe ntchito ofunda okha, pang'onopang'ono. Malangizo amenewo ndi akale ndipo akusiyidwa. Galu amene sanakalambe, wathanzi, amene akudziwa zimene zikuchitika, mukhoza kumuviika thupi lonse m'madzi ozizira, m'bafa kapena m'beseni lalikulu, mutu uli kunja ndipo inu mwamugwira. Wokalamba, wodwala kale, kapena amene wakomoka, musamuviike. Muthireni madzi ndi ndowa, chikho kapena payipi mobwerezabwereza, kwinaku wina akumukupiza ndi katoni kapena mwamuyatsira fani. Madzi aliwonse amene ali ozizira kuposa thupi lake ndi abwino, musataye nthawi kufunafuna oyenera. Ngati mukugwiritsa ntchito payipi imene yakhala padzuwa, tayani kaye madzi oyambawo chifukwa amatuluka otentha moti angamuwotche. Thirani pamimba, m'khwapa, m'mphechepeche ndi m'khosi, ndipo kwa galu wa ubweya wambiri lowetsani zala kuti madzi afike pakhungu, apo ayi amangotsetsereka pamwamba. Kumaso ndi kumphuno samalani kuti asatsamwe.

Musamufunditse tawulo lonyowa. Limaoneka ngati lothandiza, koma pakapita mphindi zochepa limafunda n'kutsekera kutentha mkati. Ngati muli ndi tawulo, liyaleni pansi agonepo.

Chachitatu, ngati akutha kudzutsa mutu ndi kumeza, muikireni madzi pafupi anyambite pang'onopang'ono. Musamuthire madzi m'kamwa mokakamiza, makamaka ngati wafooka kwambiri, chifukwa amalowera m'mapapo. Mankhwala a anthu ochepetsa kutentha thupi, monga paracetamol, ibuprofen ndi aspirin, asayandikire. Uku si kutentha thupi kwa matenda, mankhwalawo sangakutsitse, ndipo amatha kuwononga impso, chiwindi ndi m'mimba, ziwalo zimene zavulala kale.

Chachinayi, dziwani polekezera. Ngati muli ndi choyezera kutentha kwa thupi, chipakeni timafuta n'kuchilowetsa pang'ono kotulukira chimbudzi, muziyeza pakapita mphindi zingapo zilizonse. Chikafika cha m'ma 39.5, lekani kuthira madzi, chifukwa thupi limapitiriza kuzizira lokha ndipo likhoza kutsika mopitirira. Ngati mulibe choyezera, lekani mukaona kuti kupuma kwayamba kudekha ndipo galu wayamba kuzindikira, kapena akayamba kunjenjemera.

Pamene inu mukuthira madzi, wina aimbire dokotala wa ziweto kuti akonzekere. Nambala yake ikhale mufoni mwanu kuyambira lero, pamodzi ndi ya kumene mungapite usiku kapena tsiku la tchuthi. Mukamanyamuka, galu akhale wonyowa, magalasi ali otsegula kapena choziziritsa mpweya chikugwira ntchito, ndipo tengani botolo la madzi muzimuthirabe panjira.

Akaoneka kuti wachira

Galu amatha kudzuka, kugwedeza mchira, kumwa madzi, inu n'kuganiza kuti zatha. Pitani nayebe kwa dokotala. Kuwonongeka kwa mkati sikuoneka tsiku lomwelo. Impso zimatha kulephera patapita tsiku limodzi kapena awiri, khungu la mkati mwa matumbo limasupuka n'kulola tizilombo kulowa m'magazi, ndipo nthawi zina magazi amasiya kuundana bwino, galu n'kuyamba kutaya magazi mkati. Dokotala amayeza magazi ndi mkodzo, amamuika madzi a m'mitsempha, ndipo ngati kukhosi kwatupa amamupatsa mpweya wothandizira kupuma. Mufotokozereni bwino zimene zinachitika: galu anali kuti, kwa nthawi yaitali bwanji, munamuthira madzi nthawi yanji, ndipo ngati munayeza thupi linali pa madigiri angati.

Mukabwerera kunyumba, apume pamalo ozizira osathamanga kwa masiku amene dokotala wanena, ndipo muyambirenso maulendo afupiafupi a m'mawa okhaokha. Masiku atatu oyambirira muziyang'anitsitsa zinthu izi: ngati akukodza komanso mtundu wa mkodzowo, ngati akudya, ngati akusanza, ngati chimbudzi chili chakuda kapena cha magazi, ndiponso ngati pausinini kapena pamimba patuluka timadontho tofiira. Mukaona chimodzi mwa zimenezi, kapena mkodzo wofiirira, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo.